Mipando 251 ndi Diso Limodzi la Kamera

Mu mzinda wa London muli nyumba yochitiramo zisudzo yotchedwa Donmar Warehouse. Kale idali nkhokwe yosungiramo katundu, ndipo mpaka lero ndi yaing'ono: muli mipando 251 yokha, khamu limene ukwati umodzi wa ku Mangochi ungalipose mpunga usanapse. Kumapeto kwa chaka cha 2007, Chiwetel Ejiofor adalowa m'nyumba imeneyi kukachita sewero la William Shakespeare lotchedwa Othello, ndipo adakhalamo pafupifupi miyezi itatu. Pa nthawiyo n'kuti atadziwika kale m'mafilimu. Zaka khumi m'mbuyomo Steven Spielberg adali atamutenga mu filimu ya Amistad, ndipo kuchokera apo ntchito za pa kanema sizidamusowe. Mnzake amene adatenga mbali ya Iago, Ewan McGregor, adali wotchuka koposa chifukwa cha mafilimu a Star Wars. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Nyumba ya mipando 251, masewero asanu ndi atatu pa sabata, kwa masabata 13: ngakhale mpando uliwonse ukhale ndi mwini wake usiku uliwonse, oonerera onse safika 30,000. Sangadzaze n'komwe bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe. Filimu imodzi yotchuka imaonedwa ndi anthu ochuluka chotero dzuwa lisanalowe, ndipo malipiro ake sangayerekezedwe ndi a pa nsanja.

Nanga chimene chimabwezera anthu oterewa ku nsanja n'chiyani? Funsoli likadakhala lopepuka zikadachitika kamodzi kokha. Koma Ejiofor yemweyo, m'chaka cha 2013 chimene filimu ya 12 Years a Slave idamukwezera pamwamba, adali pa nsanja ya Young Vic monga Patrice Lumumba mu sewero la Aimé Césaire lonena za dziko la Congo. Mu 2015 adali ku National Theatre mu sewero la Everyman. Denzel Washington, mwini mphoto ziwiri za Oscar, adakwera nsanja ya ku New York mu 2025 ali ndi zaka 70, nayenso kukachita Othello. Yankho limene anthu amafulumira kupereka ndi lakuti akatswiriwa amakonda luso kuposa ndalama. Yankho limeneli ndi lokoma m'khutu koma silifotokoza kanthu, pakuti luso liliponso mu filimu. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa umwini. Pa nsanja, ntchito ya wochita zisudzo imakhala m'manja mwake kuyambira mawu oyamba kufikira omaliza. Mu filimu amaipereka kwa anthu ena m'zidutswazidutswa, ndipo iwowo ndiwo amasankha chimene dziko lidzaone.

Kuti mfundo imeneyi imveke bwino, tiyenera kukhala pang'ono pa Othello. Seweroli lidalembedwa cha m'ma 1603. Othello ndi mkulu wa asilikali a mzinda wa Venice, koma ndi mlendo, Mmoor, dzina limene Azungu a nthawi imeneyo ankatchulira anthu a kumpoto kwa Africa ndiponso anthu akuda mwachisawawa. Wakwatira Desdemona, mwana wa nduna ya mzindawo, bambo ake osadziwa. Iago, msilikali wake wokhulupirika pamaso koma wanjiru mumtima, wakwiya chifukwa udindo umene ankaufuna wapatsidwa kwa Cassio. Ndiye akutsimikiza zomunong'oneza Othello kuti Desdemona akuyenda ndi Cassio, pamene mkaziyo alibe mlandu ngakhale pang'ono.

Mtima wa sewero lonse uli m'chigawo chachitatu cha gawo lachitatu, chimene ndi chachitali kuposa zigawo zonse. Chikamayamba, Othello ndi mwamuna wokondwa amene akuseka ndi mkazi wake pamene mkaziyo akupepesera Cassio. Chikamatha, mwamuna yemweyo wagwada pansi, walumbira kubwezera, walamula kuti Cassio aphedwe pasanathe masiku atatu, ndipo akulingalira njira yophera mkazi wake. Pakati pa chiyambi ndi mapeto amenewa palibe nkhondo, palibe umboni weniweni, palibe kudutsa kwa masiku. Pali amuna awiri akuyankhulana basi, ndi kampango kamodzi kamene kagwa pansi. Iago sanena bodza lalikulu nthawi imodzi. Amafunsa kafunso, n'kubweza mawu, n'kuchita ngati wadandaula kuti wayankhula, ndipo Othello ndiye amamukakamiza kuti anene zambiri. Aliyense amene adaonapo banja likupasuka chifukwa cha mnzake wa mwamuna wokonda kunena kuti "sindikufuna kukusokonezerani, komatu" amadziwa kuti Shakespeare sadapeke kanthu kachilendo.

Owerenga masewero akhala akudandaula kwa zaka mazana kuti Othello amagwa msanga kwambiri. Kodi munthu wanzeru, wotsogolera magulu a nkhondo, angasinthike chotero m'theka la ola? Papepala n'zovutadi kukhulupirira. Apa ndipo pali ntchito ya wochita zisudzo. Iye ayenera kuyenda ulendo wonsewo ndi miyendo yake, anthu akumuona, osadumpha ngakhale phazi limodzi. Akakwiya msanga, adzafika kumapeto kwa chigawocho mphamvu zitatha, ndipo oonerera adzamuyesa chitsiru chimene chidali kale ndi nsanje. Akachedwa, lumbiro lomaliza lidzaoneka ngati lagwa kuchokera kumwamba. Kuyeza kumeneku, kwakuti pano ndilole kukayika kulowe pang'ono, apa ndidzigwire, apo ndiye ndimasuke, palibe wina angamuchitire nyali zikayaka. Wotsogolera sewero, amene pa Othello wa 2007 adali Michael Grandage, amatha masabata angapo akuumba seweroli pamodzi ndi anthu ake. Koma usiku wa chionetsero amakhala pansi mumdima ngati wina aliyense. Sangakweze dzanja n'kunena kuti tibwereze. Madzi akatayika saoleka, ndipo pa nsanja chotayika ndi choolekacho zonse ndi za wosewerayo. Ejiofor adalandira mphoto ya Olivier mu 2008 chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo mphoto ya pa nsanja ili ndi ubwino uwu, kuti palibe angakayike mwini wake wa chimene chayamikiridwa.

Tsopano taganizirani chigawo chomwecho chikujambulidwa. Filimu siijambulidwa motsatira tsinde la nkhani. Imajambulidwa motsatira malo, nyengo ndi ndalama. Ngati zochitika za pachiyambi ndi za kumapeto zili m'nyumba imodzi, zonsezo zimajambulidwa sabata imodzi, kotero kuti munthu angathe kulira maliro a mkazi wake Lolemba n'kukamufunsira ukwati Lachinayi. Tsiku lathunthu la ntchito limabala mphindi zochepa chabe za filimu yomalizidwa. Mbali yaikulu ya tsikulo wosewera amangokhala, kudikira kuti akonze nyali, asunthe kamera, mtambo udutse. Akamuitana amanena mizere iwiri kapena itatu, n'kuibwereza kasanu kapena kakhumi, poyamba kamera ili patali, kenako ili pafupi, kenako ili kumbuyo kwa phewa la mnzake. Nthawi zina mnzakeyo palibe n'komwe, ndipo mawu achikondi amanenedwa kwa kachizindikiro komatidwa pambali pa kamera. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo filimu imathadi motero. Koma tsokonombweyo sadziwa kukoma kwa kuyenda mtunda wonse mosaduka.

Zidutswa zonsezi zikasonkhana zimapita kwa munthu wina amene oonerera samudziwa nkhope, wolumikiza zithunzi. Iyeyu, pamodzi ndi wotsogolera filimu, ndiye amasankha kuti mwa maulendo khumi aja atenga uti, kuti nkhope ikhale pa kanema masekondi angati, ndiponso kuti mawu akamanenedwa tiziona wonenayo kapena womverayo. Cha m'ma 1920, mphunzitsi wa zakanema wa ku Russia, Lev Kuleshov, adaonetsa mphamvu imeneyi poyera. Adatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya katswiri Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa chilichonse, n'kuchilumikiza ndi mbale ya chakudya, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Oonerera adaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imodzimodziyo, n'kumutama mwini wake chifukwa cha luso limene sadachite. Nkhaniyi imakambidwa ngati umboni wa ukulu wa filimu, ndipo ndi umbonidi. Koma taimvetserani ndi khutu la wochita zisudzo. Ikumuuza kuti nkhope yake ndi njerwa chabe, ndipo nyumba adzamanga ndi ena.

Amene adalawa zimenezi mowawa ndi Adrien Brody. Adatha miyezi akujambula filimu ya nkhondo ya Terrence Malick yotchedwa The Thin Red Line, yotuluka mu 1998, akudziwa kuti ndi mmodzi wa atengambali akuluakulu. Filimuyo itamalizidwa adapeza kuti mbali yake yadulidwa mpaka kutsala mizere yowerengeka. Malick sadalakwire lamulo lililonse, pakuti filimu ndi ya wotsogolera. Pa nsanja zoterezi sizingachitike mobisa. Mzere ukachotsedwa umachotsedwa mwini wake ali pomwepo, ndipo amatha kuulimbira.

Umwini umenewu uli ndi mbali yachiwiri, imene kwa ife Amalawi ili pafupi kwambiri. Wosewera pa nsanja ali ndi mphunzitsi amene wa mu filimu alibe, ndiye oonerera. M'chaka cha 2019 Ejiofor yemweyu adatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu yochokera m'buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, yonena za mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene adapanga makina amphepo m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ejiofor adalemba yekha mawu a filimuyo, adaitsogolera, ndiponso adatenga mbali ya bambo ake a William, a Trywell. Adachita zinthu ziwiri zoyenera ulemu. Adajambulira filimuyo m'Malawi mommuno pamene akadatha kupita ku dziko lina lokhala ndi zipangizo zambiri, ndipo adasankha kuti mbali yaikulu ya zokambirana ikhale m'Chichewa. Chifukwa cha chisankho chachiwirichi, dziko la Britain lidaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a zinenero zosakhala Chingerezi. Ndani adalotapo kuti tsiku lina Angerezi adzaimiridwa ndi Chichewa? Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Koma Amalawi ataonera, ambiri adadandaula chinthu chimodzi, Chichewa chake. Ejiofor ndi mbadwa ya ku London ya makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene adasewera William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi ake a William mu filimuyo, adabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa adaphunzira mizere yawo mwakhama, ndipo khamalo likuoneka. Vuto ndi lakuti chinenero chathu chili ndi nyimbo yake. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, chimawasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Ndiponso Mchewa amakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, ndipo mlendo akalephera pamenepo chiganizo chonse chimamveka ngati munthu woyenda nsapato imodzi. Lily Banda, Mmalawi amene adasewera mlongo wake wa William, akatsegula pakamwa khutu limapuma, ndipo kupuma kumeneko ndiko kumaulula mmene linkavutikira kwina konse.

Sindikunena izi pofuna kunyoza filimuyo. Chigawo chimene a Trywell akukaniza mwana wawo njinga, chuma chokha chimene chatsala pakhomo, n'champhamvu, ndipo nkhope ya Ejiofor pamenepo ikunena zoona zokhazokha: manyazi a bambo amene walephera kudyetsa ana ake, osandulika mkwiyo chifukwa alibe kwina kopita. Ndikufuna tione kuti vuto la chinenero lidatheka bwanji. Filimu imamalizidwa oonerera asanafike. Anthu ambiri amene Netflix inkawayembekezera amawerenga mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi, ndipo kwa iwo Chichewa chilichonse ndi Chichewa. Pofika tsiku limene munthu wa ku Kasungu adamva mawuwo, padalibenso chosintha. Tsono tayerekezani kuti nkhani yomweyi ikuchitidwa pa nsanja m'holo ya sukulu ku Kasungu. Usiku woyamba womwewo, pa mzere woyamba wopotoka, kukadamveka kaphokoso kumbuyo, ana akadaseka pamalo osaseketsa, agogo ena akadabwereza liwulo mokweza mmene liyenera kumvekera. Zikadamupweteka. Koma mawa lake akadabwerera atakonza, ndipo pakutha pa mwezi lilime likadawongoka. Katswiri wa msinkhu wake akadalandira chidzudzulo chimenecho ndi manja awiri, chifukwa chimabwera nthawi ikadalipo.

Ku London ndi ku New York adachita kukhazikitsa mwambo pa chifukwa chimenechi. Sewero lisanatsegulidwe kwa olemba nkhani, limachitidwa kaye masiku angapo pamaso pa anthu olipira, ndipo masana aliwonse gululo limakumananso kukonza zimene usiku wapitawo waulula. Oonerera salemba ndemanga, koma amayankhula. Akayamba kutsokomola, kusuntha pa mipando, kuyang'ana nthawi, ndiye kuti chingwe chaduka penapake. Akakhala chete wa mtundu wina uja, woti ngakhale mpweya aubweza, wosewera amadziwa kuti wawagwira, ndipo amatha kuutalikitsa kapena kuudula monga wopalasa bwato amamvera mafunde ndi nkhafi. Amene amati kuchita sewero limodzi kasanu ndi katatu pa sabata n'kubwereza chinthu chimodzimodzi sadakhalepo kutsogolo kwa anthu. Mawu ndi omwewo, koma khamu la Lachiwiri silifanana ndi la Loweruka, monga nyanja ya m'mawa siifanana ndi ya madzulo mwera ukayamba.

Kwathu kuno oonerera sakhala aulemu ngati a ku London, ndipo m'menemo muli mwayi wathu. Amayankha, amalangiza mtengambali kuti asamukhulupirire mnzakeyo, amakuwiza woipa. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, adali ndi luso lodziwa nthawi yoponyera liwu, ndipo luso lotero limasulidwa ndi maholo odzaza. Nthabwala ikachedwa kamphindi kamodzi imafa, ikafulumira imamira m'kuseka kwa nthabwala yapitayo, ndipo wophunzitsa muyeso wake ndi khamu lokha. M'zaka za m'ma 1980, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College lidapita patsogolo ndi mwambo umenewu m'midzi ya m'dera la Liwonde, pa ntchito ya zaumoyo. Osewera ankaimitsa nkhani pakati n'kufunsa anthu a m'mudzimo kuti mtengambali achite chiyani pa vuto la chitsime kapena la chimbudzi, ndipo yankho la anthuwo ndilo linkapereka njira ya sewerolo. Kamera singachite zimenezo ngakhale itafuna.

Palinso chinthu china chimene akuluakulu a zisudzo m'dziko muno amachikumbukira. Pansi pa lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa, sewero linkayenera kupita kaye ku bungwe lounika lisanaonetsedwe. Bungwelo linkawerenga mawu, n'kudula amene silidawakonde. Koma pa pepala sipaoneka kukweza chikope, kapena kukhala chete kamphindi pambuyo pa liwu losalakwa, kapena kutembenukira kumene kwapachikidwa chithunzi pakhoma. Filimu ikadulidwa ndi lumo imakhala yodulidwa mpaka kalekale. Thupi la munthu wamoyo limatha kubwezeretsa usiku chimene cholembera chidafafaniza masana. Malemu Du Chisiza Jr. adakhazikitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, m'nyengo imeneyo, ndipo anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre podziwa kuti akamva zoposa zimene zalembedwa.

Komabe tisatengeke mpaka kuiwala chilungamo. Pali zinthu zimene filimu imapatsa wosewera zimene nsanja ilibe, ndipo umboni wake uli mwa Ejiofor yemweyo. Mu 12 Years a Slave, yotsogoleredwa ndi Steve McQueen, muli chigawo chimene Solomon Northup wasiyidwa chingwe chili m'khosi, cholenjekeka ku nthambi, zala za kumapazi zokha zikukhudza matope. Kamera siisuntha. Kumbuyo kwake akapolo anzake akutuluka m'nyumba, akupitiriza ntchito zawo, ana akusewera, pakuti aliyense akudziwa chimene chingamuonekere akayesa kumumasula. Phokoso lokha ndi la mapazi akufufuza poponda ndi kukhosi kukulira. Pa nsanja munthu wa pa mzere wa makumi awiri sakadamva kaphokoso ka matopewo, ndipo wosewera akadayenera kukuza chilichonse kuti chifike kumbuyo. Kamera imalola munthu kuganiza chabe, ganizolo n'kuoneka m'maso. Ndiponso taonani kuti chigawochi chimapweteka chifukwa McQueen adakana kudula msanga, adalola nthawi iyende monga imayendera pa nsanja. Akatswiri ambiri amakonda otsogolera otere, amene amawabwezera kachigawo ka umwini uja.

Filimu imasunganso. Mwana wa lero angaone Hope Chisanu monga Yusufu mu The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, yotuluka mu 2012, ndipo zidzukulu zake zidzaona magombe athu mmene adalili chaka chimenecho. Koma mwana yemweyo akafunsa kuti Du Chisiza ankasewera bwanji, tidzamuuza ndi pakamwa, ndipo kandimverere adanena za m'maluwa. Chisiza adamwalira mu 1999, chaka chomwecho chimene wailesi ya kanema ya Television Malawi idayamba kuulutsa, ngati kuti nyengo ziwiri zidapatsirana ndodo panjira. Ena mwa ochita zisudzo amati kusakhalitsa kumeneku ndiko kukoma kwa nsanja, chifukwa chimene chachitika usiku uno ndi cha amene adalipo okha. Ndikuwamvetsa, koma ndikukayika ngati mawu amenewa amatonthoza ana awo, amene alibe chogulitsa kapena choonetsa bambo akapita.

Ndiponso nsanja imadya anthu ake. Mu 1989 Daniel Day-Lewis adachoka pa nsanja ya National Theatre sewero la Hamlet lili mkati, pa chigawo chimene Hamlet amakumana ndi mzimu wa bambo ake, ndipo sadabwererenso ku zisudzo za pa nsanja. Adapita ku filimu n'kupata mphoto zitatu za Oscar. Palibe angamunene kuti ndi wosewera wochepa chifukwa adasankha kamera. M'mawu a akatswiri ena otamanda nsanja mumamvekanso kafungo ka kudzikweza, ngati kuti filimu ndi ganyu wopezera mchere pamene ntchito yeniyeni ili kwina. Iwo amene amayankhula motero nthawi zambiri ndi amene filimu idawalemeretsa kale, kotero kuti angathe kukhala miyezi itatu pa malipiro ochepa osadandaula za lendi. Mnzawo amene sadajambulidwepo amakonda nsanja chimodzimodzi, koma amagona ndi njala.

Za wailesi ya kanema ndinene mwachidule, pakuti vuto lake ndi lina. Sewero lopitirira sabata ndi sabata limapatsa munthu ntchito yokhazikika ndi dzina lodziwika m'nyumba iliyonse, koma limamumangirira kwa mtengambali mmodzi kwa zaka, ndipo nthawi yokonzekera imakhala yochepa chifukwa gawo lotsatira likudikira. Mtengambaliyo amatha kumeza mwini wake. A Michael Usi adasewera Manganya mu Tikuferanji kwa nthawi yaitali, mwakuti ngakhale atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, anthu m'misika ankangoti Manganya. Wa pa nsanja amavula Othello miyezi itatu ikatha, n'kudzavala Lumumba.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi achinyamata athu. French Cultural Centre idawonongedwa ndi akuba mu 2011 eni ake atachoka, ndipo maholo ambiri a m'maboma masiku ano amadziwa maukwati ndi misonkhano kuposa masewero. Mnyamata waluso wa ku Nkhotakota kapena ku Makanjira amayambira pa foni. Amajambula kasewero ka mphindi ziwiri ndi anzake, amadula yekha, n'kuika pa Facebook kapena pa TikTok. M'njira ina wapeza umwini umene Brody adausowa, pakuti wosewera, wotsogolera ndi wolumikiza zithunzi ndi iye yemwe, ndipo ena mwa anyamata ndi atsikana amenewa ndi oseketsadi. Koma chimene amalandira kuchokera kwa oonerera ndi chiwerengero. Chimamuuza kuti anthu zikwi zingapo aona, osamuuza kuti ndi pa liwu liti pamene adayamba kutopa, kapena kuti nthabwala yachiwiri ikadapsa akadadikira kamphindi. Ndipo sadayesepo kunyamula mtengambali mmodzi kwa maola awiri, kumuchotsa pa chimwemwe kukamufikitsa pa lumbiro lakupha popanda podumphira. Mipikisano ya zisudzo ya m'sukulu za sekondale, monga uja wa aphunzitsi a Chingerezi wa ATEM umene Chisiza adatulukiramo, ndiyo yakhala malo amene mwana wa ku boma lakutali amaima koyamba pamaso pa holo yodzaza ndi anzake a sukulu zina, amene sadabwere kudzamukomera mtima. Kuti sukulu ikafike kumeneko pamafunika mphunzitsi mmodzi wololera kutsala madzulo kwa miyezi iwiri, nsalu zingapo zotchingira kumbuyo kwa nsanja, ndi ndalama ya galimoto yopita ndi yobwerera.